Boma ndi Chipembedzo: Kusiyana kwa Malawi, Zambia, Tanzania ndi Mozambique

Mayiko anayi awa amagawana malire, mitundu ya anthu, zilankhulo ngakhalenso mipingo, koma pa funso lakuti boma likhale pati pa nkhani ya chipembedzo, lililonse linayankha mosiyana. Zambia inalemba m'mawu oyamba a malamulo ake oyendetsera dziko kuti ndi dziko la Chikhristu. Tanzania imanena kuti anthu ake ali ndi zipembedzo zawo koma boma lilibe chipembedzo. Mozambique, itatha zaka zingapo ikulimbana ndi mipingo ndi mizikiti yomwe, inakhazikika pa lamulo lakuti boma ndi chipembedzo n'zinthu ziwiri zosiyana. Malawi sanadzitche dziko la chipembedzo chilichonse, ndipo malamulo a 1994, pa gawo 33, amangoteteza ufulu wa munthu aliyense wokhulupirira ndi kupembedza monga chikumbumtima chake chimuuzira. Munthu wongowerenga zolembedwazi akhoza kuganiza kuti mayikowa ndi otalikirana kwambiri, koma mbiri ikuonetsa kuti pamene wokhulupirira anakana kuchita zimene chipani cholamula chinkafuna, maboma amene ankaoneka osiyana anachita zinthu zofanana modabwitsa.

Mizu ya zipembedzo za m'mayikowa ndi yolukanalukana moti malire a atsamunda sanathe kuilekanitsa. Amishoni a Angilikani a UMCA anafika ku Magomero mu 1861, anabwerera kukakhala ku Zanzibar zinthu zitavuta, kenaka anadzakhazikika pa chilumba cha Likoma, kumene ankatumikirako midzi ya m'mphepete mwa nyanja imene lero ili ku Mozambique ndi ku Tanzania. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo anzawo a mpingo womwewo anatsegula Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899. Chisilamu chinalowa ndi amalonda ochokera kugombe la kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo chinakhazikika ku Nkhotakota kwa Jumbe komanso pakati pa Ayao, amene amakhala mbali zonse zitatu za malire. Ngakhale Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia, anali mwana wa David Kaunda, mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland amene mishoni ya Livingstonia inamutuma ku Chinsali. Choncho kusiyana kumene tikukuona lero sikunabwere chifukwa chakuti anthu ankapemphera mosiyana. Kunabwera chifukwa cha atsamunda amene ankalamulira, komanso maganizo a atsogoleri amene analandira ufulu wodzilamulira.

Mozambique ndiyo inayamba ndi katundu wolemera kuposa anzake. Mu 1940 boma la Portugal linasainirana mgwirizano ndi Vatican, ndipo maphunziro a ana akuda m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi anaperekedwa m'manja mwa mpingo wa Katolika, umene unkalandira thandizo la boma. Kwa omenyera ufulu ambiri, mtanda ndi mbendera ya Portugal zinkaoneka ngati chinthu chimodzi. Chilungamo chake n'chakuti si ansembe onse amene anavomereza zimenezi. Ansembe a chipani cha White Fathers anachoka m'dzikolo mu 1971 posonyeza kukana kuti mpingo ukhale chida cha atsamunda, amishoni ndiwo anasonkhanitsa umboni wa kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu m'chigawo cha Tete mu Disembala 1972, ndipo Episkopi Manuel Vieira Pinto wa ku Nampula anathamangitsidwa ndi Apwitikizi mu 1974. Komabe Frelimo, chipani chimene chinamenyera ufulu, italowa m'boma pa 25 Juni 1975, sinalabadire kwenikweni kusiyana kumeneku. Pasanathe miyezi iwiri sukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa kukhala za boma, ndipo pa msonkhano waukulu wachitatu wa chipanicho mu 1977 chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Matchalitchi ena anatsekedwa, mizikiti inachepetsedwa mphamvu, ndipo miyambo ya makolo, asing'anga ndi mafumu zinaikidwa m'gulu la zinthu za mumdima zimene dziko latsopano liyenera kuzisiya.

Julius Nyerere, mtsogoleri woyamba wa Tanzania, anatenga njira ina imene ndiiona kuti inali ya nzeru kuposa zinazo, ngakhale kuti nayonso ili ndi mtengo wake. Iye anali Mkatolika wopemphera kwambiri, koma ankadziwa kuti dziko lake lili ndi Asilamu ambiri amene anathandiza kwambiri chipani cha TANU pomenyera ufulu, pamene sukulu zambiri zabwino zinali m'manja mwa amishoni. Anaona kuti ngati zinthu zikhala choncho, ana a Akhristu ndiwo adzadzaza maofesi a boma, ndipo chidani chidzayambira pomwepo. Lamulo la maphunziro la 1969 linaika sukulu za mipingo m'manja mwa boma kuti mwana aliyense alowe posayang'ana chipembedzo chake. Chiphunzitso chake cha Ujamaa, chimene chinalongosoledwa ku Arusha mu Febuluwale 1967, sichinanyoze Mulungu monga zinachitikira ku Mozambique pambuyo pake. Chinangonena kuti chikhulupiriro ndi nkhani ya munthu payekha. Kalembera wa 1967 ndiye anali womaliza kufunsa anthu za chipembedzo chawo, ndipo kufikira lero boma la Tanzania silitulutsa chiwerengero cha Akhristu ndi Asilamu.

Chodabwitsa china cha ku Tanzania n'chakuti, popanda lamulo lililonse lolembedwa, mpando wa mtsogoleri wa dziko wakhala ukusinthana pakati pa zipembedzo ziwirizi. Atachoka Nyerere mu 1985 kunabwera Ali Hassan Mwinyi, Msilamu, kenaka Benjamin Mkapa, Mkatolika, mu 1995, Jakaya Kikwete, Msilamu, mu 2005, John Magufuli, Mkatolika, mu 2015, ndipo Samia Suluhu Hassan, Msilamu, analowa mu 2021 Magufuli atamwalira. Koma sitiyenera kutengeka mtima msanga, chifukwa boma lonena kuti lilibe chipembedzo linalowererabe m'nkhani za zipembedzo. Mu 1968 linathetsa bungwe lakale la Asilamu a kum'mawa kwa Africa, ndipo m'malo mwake kunakhazikitsidwa bungwe la BAKWATA, limene Asilamu ena akhala akuliona ngati lapafupi kwambiri ndi boma. Zanzibar italowa m'bungwe la mayiko a Chisilamu la OIC, mkangano unakula kufikira inatulukamo mu 1993, ndipo mu 1998 apolisi anapha anthu pa mzikiti wa Mwembechai mu Dar es Salaam. Kusawerenga anthu kumaletsa gulu lina kudzitama kuti ndilo lalikulu, koma kumachititsanso kuti madandaulo akuti gulu lakutilakuti likusalidwa pa ntchito ndi pa maphunziro asatheke kutsimikizidwa kapena kutsutsidwa, motero amangoyenda pansipansi.

Malo oyenera kuimapo nthawi yaitali ndi zaka zoyamba za ufulu ku Zambia ndi ku Malawi, chifukwa atsogoleri a mayiko awiriwa anali anthu a m'tchalitchi, ndipo tikadayembekezera kuti okhulupirira akhala pa mtendere. Kaunda anakulira pa mishoni ya Lubwa, ndipo chiphunzitso chake cha Humanism chinkanena kuti munthu ndiye ayenera kukhala pakati pa zonse zimene boma likuchita, popeza analengedwa ndi Mulungu. Koma miyezi yochepa dziko lisanalandire ufulu pa 24 Okutobala 1964, iye ali nduna yaikulu, asilikali anamenyana ndi otsatira mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina m'maboma a Chinsali ndi Lundazi. Mpingowu unayamba mu 1953, unakula mofulumira kuposa mishoni zoyandikana nawo, ndipo anthu ake atayamba kukana makadi a chipani cha Kaunda cha UNIP ndi kumanga midzi yawoyawo yozingidwa ndi mipanda, panabuka kuphana mbali zonse ziwiri. Chiwerengero cha boma chinali cha anthu oposa 700 ophedwa, mpingowo unaletsedwa, anthu zikwizikwi anathawira ku Congo, ndipo Lenshina anamwalira mu 1978 ali pa ukaidi wosachoka pakhomo mu Lusaka.

Ku Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda ankanyadira kuti anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo ulamuliro wake unaima pa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pa ngodya zimenezi panalibe malo a munthu wonena kuti chikumbumtima chake sichimulola. A Mboni za Yehova, amene chiphunzitso chawo chimawaletsa kulowa m'ndale, anakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress, ndipo mu 1967 boma linaletsa mpingo wawo. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa, ndipo mu 1972, msonkhano waukulu wa chipani utagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi, zikwizikwi anawoloka malire.

Ulendo wa anthu amenewa ndiwo umayesa mayiko atatu pa muyeso umodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikuuona kuti ndi wofunika kuposa mawu onse olembedwa m'malamulo. Amene anathawira ku Zambia anasonkhanitsidwa pa msasa wa Sinda Misale, kumene ambiri anafa ndi matenda, ndipo posakhalitsa anabwezedwa ku Malawi. Atazunzidwanso, anathawira ku Mozambique, kumene Apwitikizi anawalola kukhala m'misasa monga wa Mlangeni. Frelimo italowa m'boma mu 1975 inafuna kuti aliyense azifuula mawu otamanda chipani, ndipo anthu amene anakana khadi kwawo anakananso kufuula kwa eni, motero anabwezedwanso. A Mboni a ku Mozambique komweko anatengedwa kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana n'kukatsekeredwa m'misasa ya ku Carico, m'boma la Milange. Ku Zambia mpingowu sunaletsedwe kotheratu, koma ana awo ankachotsedwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera, ndipo mu 1967 khothi lalikulu linagamula mokomera boma pa mlandu wotere. Banda mkulu wa mpingo, Kaunda mwana wa mlaliki ndi Samora Machel wa ku Mozambique wotsatira Marx anasiyana pa za Mulungu, koma anagwirizana pa mfundo yakuti chipani sichikanidwa. Munthu sayenera kuvomereza chiphunzitso cha a Mboni kuti aone kuti mlandu wawo sunali wa chipembedzo kwenikweni, koma wa kukana kugwada. N'zomvetsa chisoninso kuti mipingo ikuluikulu ya ku Malawi sinalankhule mokweza pa zaka zimenezo, ngakhale kuti ozunzidwawo anali anansi a akhristu ake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mipingo yomweyo inasanduka mlatho wopita ku ulamuliro watsopano, ndipo apanso dziko lililonse linayenda mwa njira yake. Ku Zambia mipingo inali itazolowera kale kuyankha boma, popeza mu 1979 Akatolika, bungwe la mipingo ya Chipulotesitanti ndi la mipingo ya Evanjeliko analemba kalata imodzi yotsutsa maganizo olowetsa chiphunzitso cha Marx m'sukulu, ndipo mu 1991 atsogoleri a mipingo ndiwo anakumanitsa Kaunda ndi Frederick Chiluba m'tchalitchi chachikulu cha Angilikani mu Lusaka chisankho chisanachitike. Ku Mozambique boma linali litayamba kufewa kuyambira pamene Samora Machel anakumana ndi atsogoleri a zipembedzo mu 1982, malamulo a 1990 anatsegula ufulu wopembedza, ndipo mtendere wothetsa nkhondo ya Frelimo ndi gulu loukira boma la Renamo unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mwa mkhalapakati wa gulu la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Chipani chimene chinatseka matchalitchi chinapeza mtendere kudzera mwa anthu a tchalitchi.

Ku Malawi zinachitika mwadzidzidzi, chifukwa chete anali atakhala nthawi yaitali. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse a mpingowo, ikunena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi za kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Koma mantha anali atasweka. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee (PAC), limene linasonkhanitsa Akatolika, Apulotesitanti ndi Asilamu pamodzi, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha zipani zambiri. Chiletso cha a Mboni chinachotsedwa chaka chomwecho, ndipo mu 1994 dziko limene anthu ake ambiri ndi Akhristu linasankha Bakili Muluzi, Msilamu, kukhala mtsogoleri.

Pa nthawi yomweyi Zambia inapita mbali ina. Pa 29 Disembala 1991, atapambana chisankho, Chiluba analengeza ali ku State House kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo oyendetsera dziko. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti maepiskopi a Katolika ndi bungwe la mipingo ya Chipulotesitanti anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo amene anakondwera kwambiri anali a mipingo ya Pentekoste. Kunena chilungamo, chilengezocho sichinabale chizunzo. Anthu oposa 95 mwa 100 alionse ku Zambia ndi Akhristu, ndipo chiganizo chomwecho cha malamulo chimatetezanso ufulu wa chikumbumtima, motero Asilamu ndi Ahindu amapemphera popanda chowaletsa. Koma sichinabalenso chilungamo chimene analonjeza, pakuti boma la Chiluba linatchuka ndi nkhani za katangale, ndipo mu 2001 mipingo yomweyo, pamodzi ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum, ndiyo inamuletsa kuimanso kachitatu. Edgar Lungu anawonjezera tsiku la mapemphero a dziko lonse la pa 18 Okutobala mu 2015 ndi unduna woona za chipembedzo mu 2016, koma Hakainde Hichilema anathetsa undunawo mu 2021. Ine ndiona kuti phindu lalikulu la chilengezo chotere limapita kwa andale, amene amapeza chinenero chopatulika chokometsera zolinga zawo, pamene mpingo umataya pang'ono mtunda umene umafunika kuti uthe kudzudzula.

Amene amafuna kuti Malawi atengere Zambia ayenera kuyamba ayang'ana chiwerengero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse, chiwerengero chimene chikufanana ndi cha a CCAP, ndipo m'maboma monga Mangochi ndi Machinga iwo ndiwo ochuluka. Ku Mozambique kalembera wa 2017 anapeza Asilamu pafupifupi 19 mwa 100, ambiri a iwo kumpoto. Pa nkhani imeneyi Malawi akufanana kwambiri ndi Mozambique ndi Tanzania kusiyana ndi Zambia, ndipo mawu amene ku Lusaka savulaza anthu ambiri akhoza kumveka mosiyana ku Mangochi.

Ngakhale masiku a tchuthi amaulula maganizo a dziko lililonse. Ku Mozambique tsiku la 25 Disembala limatchedwa Tsiku la Banja pa kalendala ya boma, ndipo nyimbo ya fuko lawo sitchula Mulungu. Tanzania, imene boma lake lilibe chipembedzo, imayamba nyimbo yake ya fuko ndi kupempha Mulungu kuti adalitse Africa, ndipo imapumula pa zikondwerero za Akhristu ndi za Asilamu zomwe. Malawi amapumula pa Khrisimasi, pa Isitala ndi pa Eid ya kumapeto kwa Ramadan, komanso pa 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, mbusa amene anaukira atsamunda mu 1915.

Chipembedzo cha makolo ndicho chimasowa mpando pa zokambirana zonsezi, ngakhale kuti ndicho chakale kuposa zonse ndiponso sichidziwa malire. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje wakhala akulemekezedwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri za malire a m'chigwa cha Shire, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi wa Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi. Tanzania inachotsa mphamvu za mafumu mu 1963, Frelimo inawathetsa mu 1975 n'kudzawazindikiranso mu 2000 itaona kuti Renamo inapeza otsatira ambiri pakati pa anthu amene miyambo yawo inanyozedwa, pamene Malawi ndi Zambia anawasunga, motero miyambo yambiri inapulumukira pansi pa mafumuwo. Komabe inapulumuka ikutchedwa chikhalidwe osati chipembedzo, ndipo kawirikawiri pa mapemphero a dziko timamva mbusa, wansembe ndi shehe basi.

Mavuto a lero sakufanananso. Kumpoto kwa Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zodzitcha za Chisilamu zinayamba nkhondo ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ndipo ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu anzawo. Lamulo lolekanitsa boma ndi chipembedzo silinathe kutchinga zimenezi m'dera limene achinyamata osauka amaona chuma cha gasi ndi miyala ya mtengo wapatali chikuwadutsa. Ku Malawi mikangano imachitikira kwambiri pa sukulu, chifukwa, mosiyana ndi Tanzania ya Nyerere, sukulu zambiri zidakali za mipingo pamene aphunzitsi amalipidwa ndi boma. Mu 2000 maganizo ochotsa phunziro la Baibulo n'kuikapo lophunzitsa zipembedzo zonse anautsa mkangano waukulu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri analoledwa kuti sukulu zizisankha. Nkhani ya atsikana a Chisilamu ovala hijabu m'sukulu za mipingo inafika pomenyana ku Balaka mu 2019, ndipo inathera pa mgwirizano umene atsogoleri a mbali ziwirizi anasainirana mu 2021 mothandizidwa ndi PAC.

Njira ya Malawi, tikaiyerekeza ndi ya anansi ake, ndi yokambirana nkhani imodziimodzi ikabuka, ndipo imayenda bwino pamene mbali zonse zili ndi anthu ambiri ndi atsogoleri odziwika. Gulu laling'ono lopanda mpando pa zokambiranazo limadalira khothi. Ana a Chirasta anakhala zaka zambiri akubwezedwa pa zipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, ndipo panalibe kalata ya maepiskopi kapena mgwirizano wa atsogoleri umene unawathandiza, kufikira khothi lalikulu ku Zomba linagamula mu Meyi 2023 kuti kuwakakamiza kumeta n'kuphwanya ufulu wawo wa maphunziro ndi wa chipembedzo, ndipo linalamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse sukulu zonse za boma kuti aziwalandira.